Mau Obwereka Sagwira Mtima: Za Cimangirizo ca Mwana wa Sukulu

Abale ndi alongo a m'midzi ya m'cigwa ca Domasi, ndi inu nonse owerenga tsamba lino mwezi ndi mwezi, ndiri ndi mlandu umene ndifuna kuutula pabwalo panu. Ndipo ndinene poyamba kuti mlanduwo suli wa ana ai, koma wa ife akuru, aphunzitsi ndi makolo pamodzi.

Tsiku lotsekera sukulu ndinaitanidwa ku sukulu yina ya m'cigwa muno, imene sindiichula dzina. Tinakhala pansi pa mitengo ya mango, abambo pa mipando, amai pa mphasa. Ndipo ana awiri anaimirira kutiwerengera cimangirizo, ndico nkhani imene mwana ayenera kuipeka yekha ndi kuilemba m'kope mwace. Woyamba anali mnyamata, nanena m'Cingerezi za ulendo wa pa ndege kunka ku mzinda waukuru wa kutsidya kwa nyanja. Mau ace anali atali-atali ndi olemera ngati miyala ya mphero, ndipo sanayang'ana pa pepala konse, pakuti adawaloweza onse pamtima. Atatha, anthu anaomba m'manja, nthungululu inalira. Ndinafunsa mkuru amene ndinakhala naye pafupi, ndi kuti, "Bambo, mwanayu wati ciani?" Nayankha iye, "Kaya, aphunzitsi. Koma walankhula Cizungu ceni-ceni."

Pambuyo pace anaimirira mtsikana, nawerenga m'cinenero cathu za usiku wina wa mwezi wa Malici 2023, pamene mvula ya namondwe wa Freddy inagwa masiku angapo osaleka. Anasimba kuti khoma la khicini linayamba kulira ngati munthu wobuula lisanagwe. Kuti amace anabereka khanda, nasenza ndowa ya ufa ndi kusiya ya zobvala. Kuti mlongo wace wamng'ono anakana kuturuka kufikira atamasula mbuzi. Ndi kuti kutaca anapeza nkhuku ziri ndunda pa denga la nkhokwe. Pabwalo panalibe ngakhale wotsokomola. Atatha, mai wina wokalamba anangoti, "Zinali conco." Ndipo mphotho, ndiyo makope ndi colembera, inapita kwa mnyamata uja.

Ine nditi mphothoyo inasokera. Mnyamatayo sindimtsutsa, pakuti anacita cimene anauzidwa, ndipo kuloweza ndi nchito yolemetsa mutu. Koma ndege sanaikwera, mzindawo sanauona, mauwo sanali ace, ndipo mwa ife tonse panalibe mmodzi amene anabwerera kwao atadziwa kanthu kamene sanakadziwa m'mawa. Mtsikanayo anatibwezera ku usiku umene tinaukhala tonse, natikumbutsa zimene tidayamba kuziiwala. Ngati kulemba kuli ndi nchito yace, nchitoyo anaigwira ndiye.

Malume mmodzi wa ana onse

Nthenda imene ndinena muidziwa nonse, cinkana simunaiche dzina. Mphunzitsi alemba cimangirizo cace pa bolodi, kapena acitapa m'kabuku kogula pamsika. Ana acikopa m'makope, naciloweza. Ndipo tsiku la mayeso acikhuthula pa pepala, cingakhale funso lafunsa zina. Sindinena za anzanga okha, pakuti inenso ndinagwira coko zaka zambiri, ndipo ndibvomera ndi manyazi kuti ndinacita comweco. Caka cina ndinauza ana kuti yense alembe za malume wace. Poconga makope usiku, ndinapeza kuti ana onse a m'kalasimo anali ndi malume mmodzi: wamtali, wokoma mtima, wokhala ku Blantyre, wogwira nchito m'banki, wobwera ndi masiwiti pa Khirisimasi. Ana a asodzi a ku Chilwa, ana a olima mpunga, ana a osoka pa makina pa Songani, onsewo malume mmodzi! Ndinaseka poyamba, koma kuseka kunandithera pamene ndinakumbukira kuti malumeyo ndinambala ndine pa bolodi caka capita, ndipo makope a akuru ao anamsunga.

Wina adzati, Palibe kanthu, ndi sukulu cabe. Koma taonani zimene mwana aphunzira m'menemo. Aphunzira kuti malume wace weni-weni, wa zigamba pa malaya, wodziwa kupalasa bwato pakati pa mabango usiku wopanda mwezi, sayenera kulowa pa pepala. Aphunzira kuti kulemba ndiko kukondweretsa munthu mmodzi wa inki yofiira, amene adziwa kale zonse ziri m'menemo. Aphunziranso kuti kutenga mau a mwini ndi kulembapo dzina lako sikuba. Tikagwira mwana ali ndi cinangwa ca m'munda wa mwini, timlanga. Akadza ndi mau a mwini, timuombera m'manja. Kodi mwanayo adzatimva bwanji?

Domasi ndi olemba akale

Ngati pali malo m'Malawi muno amene sayenera kudwala nthenda iyi, ndiwo Domasi. Pamene Alexander Hetherwick anadza kudzayamba Mishoni kuno mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia, sanafika ndi Ciyao m'thumba; anacitola pakamwa pa anthu, ndipo mu 1889 anaturutsa buku lophunzitsa cinenero cimeneco. Mnzace wa ku Blantyre, David Clement Scott, anaturutsa mu 1892 buku lalikuru la mau a Cimang'anja. Ndipo amene analitsegula adziwa kuti suli mndandanda wouma wa mau, pakuti pa mau ambiri anaikapo ziganizo monga anthu azinena, ndi miyambi, ndi kufotokoza kwa miyambo. Alendo amenewo anayesa manenedwe a agogo athu cinthu coyenera inki ndi pepala. Nanga ife, zidzukulu za eni mau, tiwayesa opanda pace cifukwa ninji?

Mu 1929 Boma linatsegula kuno sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi anadza pamodzi ndi akazi ao, kuti pobwerera akayendere sukulu za m'midzi ndi kulunzanitsa maphunziro ndi moyo wa pamudzi: munda, citsime, ukhondo wa pakhomo. Lero pa Domasi pomwepa pali koleji yosula aphunzitsi a sekondale, ndiponso Malawi Institute of Education, kumene akonza zophunzira za sukulu za dziko lonse. Cotero cimene cicitika m'kalasi za m'cigwa muno cicitika pakhomo pa eni nchito, ndipo sitingathe kunena kuti nzeru iri kutali.

Tsono tiyang'ane amene anatsogola polemba m'zinenero zathu, tione cimene cinasunga maina ao. Yohanna Abdallah, wansembe wa ku Unangu m'dziko la Mozambique, analemba m'Ciyao mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, ndipo inasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Za maulendo a malonda ndi za mafumu monga Mataka anazitenga kwa anthu a mtundu wace. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, nkhani ya munthu wa pamudzi kuyambira kubadwa kufikira kufa. Inapata mphotho pa mpikisano wa bungwe lina la ku London, inasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 Cullen Young anaimasulira m'Cingerezi. Mu 1946 zolemba za anthu atatu, Kambalame, Chidzalo ndi Chadangalara, zosimba miyambo ya kwao, zinaturuka m'Cingerezi, omasulira ace Cullen Young yemweyo ndi Hastings Banda. Ndipo mu 1951 mbusa Harry Kambwiri Matecheta anaturutsa nkhani za ciyambi ca Mishoni ya Blantyre, monga munthu amene anakulira m'menemo naona zambiri ndi maso.

Tazindikirani cinthu cimodzi pa onsewa: palibe analemba za ndege imene sanaikwera. Analemba za kwao, m'mau a kwao, ndipo a kutsidya ndiwo anabvutika kuwamasulira kuti amve nao. Wolemba za London ali ku Malosa sadzawerengedwa ku London, pakuti kumeneko adziwa mzinda wao koposa iye; sadzawerengedwanso ku Malosa, pakuti sananena kanthu ka kwao.

Zimene zikometsa cimangirizo

Sikukwanira kutsutsa cabe. Ndiyenera kunena cimene ndiciyesa cimangirizo cabwino, kuti kholo liri lonse, ngakhale losapitirira Sitandade 4, likhoze kuyesa kope la mwana wace.

Coyamba, mwana alembe cimene anaciona ndi maso, kapena cimene anacimva kwa amene anaciona. Kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga kuyambira mbandakuca. Kuyanika matemba pa Kachulu. Kuumba njerwa ndi kuocha uvuni. Tsiku la msika pa Songani. Kukwera phiri kukatola nkhuni ndi kutsika ndi mtolo pamutu pa njira yoterera: zonsezi ndi nkhani, ndipo mwana azidziwa koposa wolemba kabuku ka pamsika. Pamene sanaona, apite akafunse. Akuru anati, safunsa anadya phula. Mwana wopita kwa agogo ace ndi mafunso atatu abwerera ndi zolemba zoposa tsamba.

Caciwiri, cimangirizo cinyamule nkhani imodzi. Mutu wakuti "Mudzi wathu" ndi waukuru ngati phiri la Zomba. Mwana auzungulira-zungulira, nanena pang'ono za mfumu, pang'ono za mbeu, pang'ono za mpira, osagwira kanthu. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Koma mutu wakuti "Sabata limene mjigo wa pamudzi pathu unathyoka" uli ndi ciyambi ndi mathero. Muli amai olawira usiku kunka kumtsinje, muli mkangano wa ndalama zokonzera, muli mwana wocedwa ku sukulu cifukwa ca madzi. Ndipo wowerenga adzaudziwa mudziwo koposa akadawerenga mndandanda wa zonse ziri m'menemo.

Cacitatu, ndipo ici ndiciyesa cacikuru, mwana adziwe amene amlembera. Kope lolembedwa kuti mphunzitsi aconge, libwezedwe, likagone m'thumba kufikira ciswe cilipeze, silifuna mtima wa mwana, ndipo mwana sadzaupereka. Koma muuzeni kuti Lacisanu adzawerenga pamaso pa anzace, ndi kuti zimangirizo zokoma zidzapacikidwa pa khoma la kalasi kumene yense adzaziona. Pomwepo adzayamba kusamala, pakuti mnzace amene anali naye limodzi kudambo adzamtsutsa akanama, nadzayasamula akatalikitsa. Ndipo atatha kuwerenga, anzace aloledwe kumfunsa: Nanga mbuzi ija inapulumuka? Ndalama za mjigo anasonkha ndani? Funso lotere liphunzitsa wolemba pamene anasiya dzenje, koposa mzere wofiira wa mphunzitsi. Mumuuzenso tsiku lina kuti alembere mwana wa ku Mzimba kapena wa ku Ntchisi amene sanaone munda wa mpunga; adzaona yekha kuti ayenera kufotokoza kuokera nciani, ndi kuti madzi alowa bwanji m'munda kucokera mu ngalande.

Cacinai, mau oyamba akoke munthu. Agogo posimba nthano ayamba ndi "Padangokhala," ana nayankha "Tiri tonse," ndipo mwa yankho limenelo wosimba adziwa kuti omvera sanagone. Wolemba alibe womyankha. Cifukwa cace ayenera kugwira wowerenga pa mzere woyamba, asanatembenukire kwina. Mwana akayamba ndi kuti, "Mvula ndi cinthu cofunika kwambiri pa moyo wa munthu," wanena zoona, koma zoona zimene palibe wazikana, ndipo palibe adzafuna mzere waciwiri. Akayamba ndi kuti, "Usiku umene khoma linagwa tinali tisanadye," yense afuna kumva cimene cinatsata. Mutu wa pamwamba ucite comweco: ulonjeze kanthu, ndipo nkhaniyo ikwaniritse lonjezolo.

Cacisanu, achule zinthu maina ao, ndi kuwerenga zowerengeka. "M'nyanja muli nsomba zambiri" anganene ndi munthu amene sanaione nyanja. Koma "makumba, matemba ndi milamba" anena ndi mwana wa ku Chilwa. "Kale nyanja inaphwa" ndi mphekesera. "Chilwa inaphwa mu 1968, niphwanso mu 1995, ndipo atate anga anayenda pansi pamene kale anapalasa bwato" ndi umboni. Mtengo suli mtengo cabe: ndi mbawa, kapena msuku, kapena mkuyu. Koma mawerengowo akhale oona. Mwana asalembe matumba 20 pamene anakolola 6, pakuti cabodza cimodzi cikagwidwa, zoona zonse zotsala zikayikidwa pamodzi naco.

Cacisanu ndi cimodzi, mau akhale apafupi ndi oyenda m'dongosolo. Liu lalitali limene mwana salidziwa tanthauzo lace liri ngati jekete yobwereka pa ukwati: manja alendewera, ndipo onse aona kuti si yace. Pabwalo la milandu kwa mfumu, munthu wodziwa kunena ayamba pa ciyambi, natsata cimodzi-cimodzi, osalumpha kunka kumapeto ndi kubwereranso. Ndipo aphungu amumva. Cimangirizo ciyende comweco: ndime iri yonse isenze mtolo umodzi, niutule isanatole wina.

Cacisanu ndi ciwiri, mwana anene maganizo ace, koma asunge ulemu wa anzace. Asaope kulemba kuti, Ine ndiyesa kuti anyamata ayenera kutunga madzi monga atsikana, pokhapo apereke cifukwa cace. Pakuti nkhani yopanda mwini iri ngati ndiwo zopanda mcere. Koma aphunzire msanga kuti pakamwa paiwala, pepala siliiwala: asalembe manyazi a banja la mnansi, asachule dzina la munthu pa cinthu comcititsa manyazi, ndipo za agogo alembe atawapempha. Potsiriza asabwereze mau a ciyambi monga ambiri acita, ndi kuti, "Ndico cifukwa cace ndikonda mudzi wathu"; anene cimene cinasinthika, kapena asiye funso limene omvera adzapita nalo kwao.

Cotsiriza, aciwerenge mokweza, nacilembenso. Cimanga sicisanduka ufa woyera ndi kusinja kumodzi: amai akonola, napeta, nabviika, natibula, nasefa. Khutu ligwira zimene diso lilumpha. Pamene lilime lipunthwa powerenga, pamenepo ciganizo capindika. Pamene mwana atha mpweya, pamenepo pasoweka mpumiro. Mwana amene alemba kamodzi napereka, apereka mgaiwa wosasefa.

Otsutsa atero

Ndidziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kundiyankha mumtima, ndipo mayankho anu sali opusa, tiyeni tiwaone.

Woyamba ati, Mayeso ali m'Cingerezi, ndipo mwana wanga sadzadya nthano. Zoona ndithu: lamulo la maphunziro la 2013 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira m'sukulu, ndipo wosakhoza Cingerezi salandira satifiketi ya Fomu 4. Ine sindilimbana ndi Cingerezi; mwana aciphunzire ndi mphamvu yace yonse. Koma werenganinso zisanu ndi zitatu ndanenazo, muone ngati cimodzi mwa izo ciri ca cinenero cimodzi cokha. Kupenya, kufunsa, kusankha nkhani imodzi, kuika zinthu m'dongosolo: mwana amene anaziphunzira m'Ciyao kapena m'Cicewa aoloka nazo kunka m'Cingerezi, monga wodziwa kulima ndi khasu la kwao sasokonezeka ndi khasu la ku sitolo. Koma woloweza ali ndi cimangirizo cimodzi kapena zitatu m'mutu. Funso likatembenuka pang'ono, agwira mutu. Mwana ayambe wasimba nkhani yace pakamwa m'cinenero ca amace, kenaka ailembe m'Cingerezi capafupi cimene acimva yekha. Adzakhoza mayeso koposa mnzace wa ndege, ndipo adzatsala ndi kanthu mayeso atapita.

Waciwiri ati, Mwana wa kumudzi alibe conena. Amene atero sanayende pambuyo pa ana pocokera ku sukulu, ndi kumva umo asimbirana za njoka ya m'cimbudzi, ndi za mpira wa dzulo, ndi umo atsanzira mayendedwe a mphunzitsi wamkuru. Conena ali naco codzala nkhokwe. Ife ndife tinamuuza kuti asalowe naco m'kalasi.

Wacitatu ndi mphunzitsi mnzanga, ndipo ati, Ana acuruka, sindingathe kuconga nkhani zosiyana-siyana za kalasi lonse. Uyu ndimvera cisoni koposa onse, pakuti kuyambira 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ndipo ana olembetsa anakwera kucokera pa osakwana mamiliyoni 2 kufika pafupi-fupi mamiliyoni 3, katundu wa mphunzitsi walemera ndithu. Koma tamvani, aphunzitsi: kuconga malume mmodzi kope ndi kope mpaka pakati pa usiku kudyanso mafuta a nyali, ndipo phindu palibe. Sikufunika kuti nkhani iri yonse ipite pansi pa inki yanu. Ana alembe mizere khumi yokha. Akhale asanu-asanu, nawerengerane, nafunsane. Inu mutenge makope owerengeka sabata liri lonse mosinthanitsa, kuti pakutha pa teremu yense wafikiridwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'kalasi mwanu muli mitu yambiri imene simunaipatse nchito.

Wacinai ati, Cokopa cituruka coyera, koma colemba mwana yekha cidzala zolakwa. Indetu, ndipo zolakwazo ndizo zikuonetsani pamene muyenera kuphunzitsa. Kope loyera la mau obwereka libisa umbuli wa mwana kufikira tsiku limene palibe womkopetsa. Khanda liphunzira kuyenda ndi kugwa, ndipo palibe mai alibereka kufikira litamera ndebvu poopa kuti lingagwe. Poconga, yambani mwamuuza mwana cimene cinakugwirani mtima m'nkhani yace. Kenaka mkonzereni zolakwa ziwiri kapena zitatu, zotsala zidikire sabata la mawa. Tsamba lofiira lonse ngati pophera mbuzi liphunzitsa mwana cinthu cimodzi cokha, ndico kulemba pang'ono kuti alakwe pang'ono.

Cimene tidzataya

Mwina wina afunsabe kuti nkhani ya makope a ana ilowa bwanji m'tsamba la akuru. Ilowa motere. Mwana amene lero alemba cimangirizo ndiye mawa adzakhala mlembi wa komiti ya mjigo, mlembi wa Mvano, mlembi wa kalabu ya alimi. Ndiye adzalembera a khonsolo kalata yopempha mlatho. Ndipo kalata yonena kuti "tiri pa mabvuto ambiri" idzagona pansi pa zinzace, koma yonena mtsinje wace, ndi midzi ingati, ndi ana angati ajomba ku sukulu madzi akadzala, idzawerengedwa kufikira pansi. Ndiye adzalemba mau a mlandu wa malire a munda, amene zidzukulu zidzawafuna eni ace atapita. Ndiye adzakulemberani ali ku Johannesburg. Ndipo mudzafuna kumva umo akhalira ndithu, si moni woloweza. Tikamzoloweza lero kulemba za malume wa pa bolodi, tisadzadabwe pamene mabuku a misonkhano yathu adzala mau okoma osanena cimene tinapangana.

Palinso cina cimene sicidikira. Amene anaona Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba ndi kukokolola milatho ndi anthu, ndiponso amene akumbukira njala ya 1949, ndi okalamba tsopano, ndipo caka ndi caka tiwaperekeza kumanda pamodzi ndi zonse adziwa. Mau a akuru akoma akagonera, koma agonera pokhapo wina wawasunga. M'mudzi uli wonse muli ana odziwa kugwira colembera, ndi okalamba odziwa zosimba. Cosoweka ndi munthu wowakhazika pa mphasa imodzi.

Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu, ndipo palibe cimodzi cofuna ndalama. Inu makolo, madzulo mutatha kudya, muuzeni mwana akuwerengereni cimene walemba. Cikakhala ca Cingerezi, acimasulire. Ndipo mumfunse, Kodi ici unaciona wekha? Akalephera kumasulira, mwadziwa kuti mauwo sali ace. Inu agogo, mdzukulu akadza ndi kope ndi mafunso, musampirikitse ndi kuti za kale zinapita. Mpatseni maina, ndi zaka, ndi malo. Inu aphunzitsi, ndi inu a komiti ya sukulu, fufutani malume uja pa bolodi, mupatse ana khoma limodzi la kalasi ndi ora limodzi la Lacisanu, ndipo mphotho muipereke kwa amene anakhazika bwalo cete.

Caka ca mawa, ndikakhala ndi moyo, ndidzakhalanso pansi pa mango aja tsiku lotsekera. Ndipo wogawa mphotho ndidzamfunsa pamaso pa onse, mwaulemu koma momveka, kuti, Mau amene mwawapatsa mphothowa ngayani?